Amalume Awiri, Chipewa Chimodzi

Fungo la kachewere wongokumba kumene limandikumbutsa amalume Fulansisiko a ku Domwe. Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti analipo awiri, amapasa obwerekana chipewa chimodzi.

Oyambawo ankalankhula osapumira. Chaka china anabzala kachewere paliponse: m'munda, m'njira ya kuchitsime, mpaka pabwalo la mpira la ku mishoni. Ankandinyamula paphewa n'kumati, "Mphwanga, chaka chino tidyetsa Tete yense."

Achiwiriwo ankabwera kachewere atakhwima. Ankangogona moyang'ana kukhoma, osayankha ngakhale moni, mbewu n'kumawolera m'nthaka. Akuluakulu ankati ndi mizimu. Asing'anga anatema mphini, ansembe anawaza madzi odalitsa, koma sizinathandize.

Tsiku lina ndinagwada pambali pa mphasa yawo n'kufunsa, "Amalume, anzanu oseka aja abwera liti?"

Anatembenukira kwa ine. "Nanenso ndikuwadikira," anatero.

Lero mwana wanga Rozita ali ndi matenda omwewo, a maganizo okwera ndi kutsika. Amamwa mankhwala tsiku lililonse, amakaonana ndi adotolo ku Ulongwe, ndipo kachewere amabzala m'munda mokha. Amalume anali amodzi basi, kungoti mankhwalawo anafika iwo atagona kale kumanda.