Anandifufutira Umboni pa Shopu ya Makompyuta

Andiimitsa kuphunzitsa kalasi chifukwa cha shopu ina yokonza makompyuta pa Chitakale. Dzina lake sinditchula. Mwini wake akudziwa, Mulungunso akudziwa.

Ndimaphunzitsa achinyamata okonzekera ubatizo kumpingo kwathu. Maphunziro ndimasunga mu laputopu yakale imene anandipatsa mlamu wanga. Inayamba kuchedwa. Ukaiyatsa umatha kuwiritsa tiyi isanatsegule tsamba limodzi, kwinaku ikulira ngati chigayo. Lachitatu m'mawa ndinapita nayo. Ndinapempha zochepa: achotse fumbi, achotse zosafunika, kuti bulawuza, pulogalamu yolowera pa intaneti ija, iziyenda bwino.

Mwini shopuyo anati ndi ntchito yamasewera, ndibwere masana. Masana anati magetsi. Lachinayi ndinapeza loko, akuti apita ku Boma. Ndinaitenga Lachisanu, nditalipira K12,000. Anati aisesa yonse, ndipo andiikiramo kapulogalamu kothamangitsa makina ngati basela. Ndinalandira ndi manja awiri. Ndinawadalitsa ndithu.

Lamlungu titaweruka mapemphero, ana a kalasi anazungulira laputopuyo nditailumikiza ku foni. Pakona pa sikirini panatuluka chithunzi cha mkazi wosavala, ndi mawu oti ali pafupi, akundidikira. Ndinatseka. Chinabwera china. Chachitatu chinabwera ndi phokoso. Mtsikana wina anabisa nkhope m'chitenje. Anyamata akumbuyo anagwira pakamwa. Ndinapinda makinawo n'kunena kuti tipemphere. Palibe anatsinzina.

Dzuwa lisanalowe, nkhani inali kwa abambo Namalima, mkulu wa mpingo wa dera lathu. Ndi munthu wachilungamo, sanandikalipire. Anati amva kuti makinawa amasunga mndandanda wa masamba onse amene munthu watsegula, ndingowaonetsa, nkhani ithe. Mtima unakhala pansi. Ndinkadziwa kuti muli maulaliki, nyimbo za kwaya ndi mitengo ya feteleza basi.

Tinatsegula. Munalibe kanthu. Mbee.

Abambo Namalima anavula magalasi. "Achimwene, munthu wosesa pabwalo alendo asanaone mapazi amakhala akuopa chiyani?"

Anandiuza kuti ndiime kaye kuphunzitsa mpaka akulu a mpingo atamva nkhaniyi Loweruka.

Lolemba ndinabwerera pa shopupo. Ndinapeza mwini wake uja akudya chinanazi, ndipo sanadzuke n'komwe. Anati kufufuta mndandandawo ndi gawo la sevisi, amachitira aliyense, ndipo azibambo ambiri amathokoza. Ananditsinzinira diso. Za zithunzizo anati intaneti imabweretsa zimene munthu amakonda. Amene ankadikira kuti awaikire nyimbo m'mafoni anaseka. Wina anati, "Osadandaula abusa, thupi ndi thupi." Ine si m'busa. Ndine mlimi wa tiyi wokhala ndi banja ndi dzina limodzi.

Ndinafunsa za kapulogalamu kawo kaja. Anapukuta zala pa buluku, anadina uku ndi uku, n'kundibwezera laputopu. Anati achotsa kapulogalamuko, zithunzi sizibweranso, ndipite mu mtendere. Zoona, sizinabwerenso. Koma taonani abale anga: choyamba anafufuta chondiyeretsa, kenako anafufuta chimene chinandidetsa. Osandifunsa, kawiri konse. Tsopano ndikaonetsa chiyani kwa akulu? Makina othamanga?

Ndinawapempha modzichepetsa kuti Loweruka adzafike pa bwalo la akulu a mpingo, adzanene zimene anaika ndi zimene anachotsa. Anati Loweruka ndi tsiku la bizinesi. Anati nkhani za m'matchalitchi salowerera. Anati akavomera zotere pagulu, ndani adzabweretsenso kompyuta? Ndiye kuti dzina la shopu ndi lolemera kuposa la munthu?

Ndatopa. Mayi a kunyumba akuti akundikhulupirira, koma sabata ino sanapite ku msonkhano wa amayi, ati mutu. Ana amene ndinkawaphunzitsa akandiona pa siteji amayang'ana kuphiri. Ndawakhululukira bambowo, pakuti nanenso ndinakhululukidwa zambiri. Koma kukhululuka sikubweza kalasi.

Inu opita ndi makina anu kokonzetsa, musawasiye. Khalani pomwepo. Funsani chimene akuchotsa asanachichotse, ndi chimene akuika asanachiike.

Ndipo inu bambo a pa shopu, ndikudziwa kuti mumawerenga tsamba lino. Kumpingo kwathu mlandu sumatha ndi pakamwa pa munthu mmodzi. Mboni yakumwamba ndili nayo, koma akulu akufuna ina yoti ikhale pa benchi n'kuyankha mafunso. Loweruka m'mawa ndidzaima pakhomo panu ndi njinga ziwiri za kabaza. Sindidzakuwa, sindidzatukwana. Ndidzangoima. Aliyense wolowa ndi laputopu m'manja akadzandifunsa chimene ndikudikira, ndidzamuuza zoona.