Nsungwi Yoyezera Pulopela

Pa amisiri onse amene Malawi adatumiza ku Ulaya, ndine ndekha amene ndidayang'anizana ndi imfa n'kuibweza ndi chitsulo. Ndikati mmisiri, ndikunena munthu amene adaphunzira zamakina pa koleji ina ku Leeds mpaka pamene aphunzitsi adayamba kufunsa mafunso. Chitsulocho chidali chadzimbiri, ndipo ndidabwera nacho pa basi.

Masiku amenewo ndinkakhala ku Middlesbrough kwa achemwali anga, omwe ndi namwino. Amuna awo, alamu anga, adali ndi pikapu yakalekale, yoti ine ndizibadwa iyo idakalamba kale. Adaitsitsa mpaka mimba yake inkanunkhiza msewu, ati ndi mmene imakongolera. Itatsika choncho, pulopela idatalikira malo ake. Pulopela ndi chitsulo chachitali chija chimene chimatenga mphamvu ku giyabokosi kukapereka ku matayala akumbuyo. Galimoto ikamayenda, inkagogoda pansipo ngati munthu amene amutsekera m'bokosi.

Asanaikonze, alamu adagonekedwa m'chipatala kudikira opaleshoni ya m'mimba. Madokotala sankalonjeza kanthu.

"Alamu, mukayeze malo a pulopelayo galimoto ili pansi, osati pa jeke," adandiuza ndi mawu otopa. "Pa jeke imanama. Ndikamatuluka muno ndikufuna kukwera imeneyo."

"Mukapanda kutuluka ndiitenga ine."

"Ndiye ndizidzakuyenderani kutulo."

Galimoto yotsika chotero munthu sungaikwawire kunsi. Mzungu wina woyandikana nafe adali ndi galaja yokhala ndi dzenje, ndiye tidaikankhira pamenepo. Dzenjelo lidali lalitali, lopapatiza, lonyowa, ndipo ndidatsikiramo ndekha. Tepi yoyezera inkangopindika. Ndidakazula nsungwi imene achemwali ankayangitsirapo nyemba, n'kuigoneka kuchokera ku giyabokosi mpaka kumbuyo, n'kuidula. Ndili m'dzenjemo pulopela idagogoda kamodzi. Monga munthu wopita kusukulu, ndidati ndi chitsulo chikuzizira, ngakhale injiniyo idali isanalire chigonekedwere alamu.

Nsungwiyo ndidaiimika kuseri kwa chitseko. Achemwali pobwera ku ntchito adaima osavula nsapato.

"Iwe, wayeza ndani?"

"Galimoto, achemwali."

Kwathu adzukulu asanakumbe manda amayeza womwalirayo ndi bango kapena nsungwi, ndipo ndodoyo sibwerera kunyumba. Imatsala komweko. Ine ndidali nditaiwala, koma achemwali ayi. Adaigwira ndi zala ziwiri n'kuiyedzamiritsa pa felemu ya chitseko, pamene ana awo adalembapo ndi pensulo msinkhu wa aliyense wa m'nyumbamo. Nsungwi idathera ndendende pa mzere wa bambo a anawo. Kuti alamu ndi aafupi ndinkadziwa, koma osati kuti ndi aafupi ngati pulopela.

"Ithyole."

"Ndikaithyola ndikayezanso, ndipo ituluka yomweyi."

Munthu amene kuntchito amasambitsa akufa osagwedezeka adabwerera m'mbuyo kuitalikira nsungwiyo.

"Isagone muno. Ndipo ukapita nayo isabwerenso, wamva?"

Idagona panja. Kutacha, tsiku la opaleshoni, ndidakwera nayo basi kupita kumene amaphwasula magalimoto akale, kufupi ndi mafakitale a zitsulo. Kudali chifunga, utsi sumadziwika pamene wayambira. Basi idadzaza, koma mpando woyandikana ndi nsungwi palibe adakhalapo.

Kumeneko magalimoto adali atasanjikizana, magetsi atakolowoledwa. Mwini malowo, mkulu wopanda mano akutsogolo, adandilozera mulu wa mapulopela n'kubwerera m'kanyumba kake. Ina idali yaitali, ina yopindika, ina ya zigawo ziwiri yofuna chogwirira pakati chimene pikapu yathu idalibe. Ndinkagwada n'kugoneka nsungwi pambali pa iliyonse, ndipo sindidakonde kuona mmene manja anga ankaidziwira ntchitoyo. Ya pansi penipeni idakwana, yoperewera ndi chala chimodzi, malo oti izipumira galimoto ikagwa m'chibowo.

Nditasenza chitsulo changa, mkulu uja adandiitana.

"Mnyamata, waiwala ndodo yako."

"Sindinaiwale, bwana."

Ndidamupempha kuti ndiiike m'galimoto imene inkalowa m'makina ophwanyira. Adandiyang'ana, kenako adavula chipewa. Mwina mutu unkamuyabwa. Ndidagoneka nsungwiyo pa mpando wakumbuyo, n'kuima pomwepo mpaka galimoto yonse idasanduka kabokosi.

Alamu adatuluka m'chipatala. Ndidakawatenga pa pikapu yawo, pansi pali zii. Chilonda chidali chitawaweramitsa, ndiye ankayenda ngati akufunafuna ndalama imene yawagwa. Polowa m'nyumba achemwali adawaimitsa pa chitseko, ati akuwavula jekete. Mutu sudafike pa mzere uja. Mpaka lero alamu sadawongoke kwenikweni, ndipo achemwali, omwe amauza odwala onse kuti aziima chilili, awa sawakumbutsa.

Pulopela yakale idatsala m'dzenje muja. Mwini galaja ankadandaula kuti nthawi zina imagogoda. Ndidamuuza kuti ndi chitsulo chikuzizira.

Zonsezi zidandidyera mapaundi khumi ndi asanu, kuphatikizapo ya basi.