Bambo Anga ndi Phiri Lopanda Mitengo

Bambo anga anali ocheka matabwa. Ndili mtsikana, panalibe munthu kwathu amene ankawatchula dzina. Onse ankangoti abwana. Anali ndi macheka ambiri ndi lole yobiriwira, ndipo mabanja ambiri m'mudzimo ankadyera pa iwo. Matabwa a denga la tchalitchi chathu anapereka ndi iwo, ulere. Akalowa pa Misa, akuluakulu ankasendera kuwapatsa malo. Chaka cha njala anagawa chimanga osafunsa kuti ndiwe wa kwa yani.

Atamwalira, anthu anadzaza mpaka kumsewu. Mkulu wina polankhula kumanda anati mudzi uno sudzawaiwala mpaka kalekale. Tonse tinakhulupirira.

Chaka chatha ndinakwera minibasi pa Chimbiya, kupita kwathu. Inali nthawi ya dzinja, ndipo madzi ochokera m'kaphiri ka kwathu anali atangokokolola minda ya kachewere ndi nyumba ya mayi wina wamasiye. Mayiyo anawapeza kumunsi, m'matope. Ndi iwo amene anatsogolera nyimbo pa maliro a bambo.

Pambali panga panakhala mayi wachitsikana, mwana ali pamiyendo. Analoza kaphiriko pawindo, kali mbee, zigwembe zofiira zokhazokha.

"Agogo amati kale munali nkhalango umo," anatero. "Anamaliza mitengo ndi bambo wina wa lole. Munthu wouma mtima ameneyo."

"Munawaonapo?" ndinafunsa.

"Ayi amayi, anafa kale. Koma aliyense amadziwa."

Ndinafuna kumuuza za chimanga chija, za ana amene ali moyo lero chifukwa cha iwo. Mwinanso amayi ake omwe. Koma ndinakumbukiranso kulira kwa mitengo ikamagwa, nthaka ikunjenjemera, ife ana tikuwomba m'manja. Bambo ankatsika kuphiri akununkha utomoni, akuseka, n'kundinyamula paphewa. Palibe ankaona cholakwa, ngakhale mmodzi.

Ndinatsika ndisanafike, n'kumaliza ulendo wapansi.

Masiku ano mvula ikamagunda kuphiri ndimasiya khasu n'kumvetsera, ngati madziwo akubwera kudzafunsa ine. Mdzukulu wanga wayamba kuloza chithunzi cha bambo pakhoma ndi kufunsa kuti agogo amenewa anali ndani. Ndimangomuuza kuti ankakonda tiyi wa shuga wambiri.