Mkulu Wokhalira Maboneti

Pabwalo lakale la ndege kunja kwa tauni yathu kuno ku Hungary, pomwe galimoto zimapikisana ziwiriziwiri mumsewu wowongoka, pali mkulu wina amene amaziyendera zisanathamange. Maondo adawakana kalekale, choncho sasuzumiranso kunsi. Amangokhala paboneti ndi thupi lawo lonselo, n'kudzuka. "Galimoto yosalakwa imagwada kamodzi," amatero.

Lamulo la gulu la galimoto wamba likuti mashoko akutsogolo, oletsa galimoto kudumphadumpha, akhale monga adachokera kufakitale. Koma ena amawakhetsa mafuta mobisa kuti ponyamuka mphuno idzuke, matayala akumbuyo agwire phula.

Chaka chino mkamwini wa mkuluyo, Levente, adabwera ndi galimoto yake pampikisano womaliza, umene adaukonzekera miyezi yonse yachisanu. Mkuluyo adakhalapo, nadzuka. Galimoto idangopitiriza kugwedeza mutu ngati ikuvomera mlandu.

"Ndi mphepo iyi, bambo," adatero Levente. "Komanso mwanenepa."

"Kunenepako ndavomera, mwana wanga. Nayonso yavomera zake. Lero suthamanga."

"Nanga mwana wanu ndikamuuza chiyani?"

"Ukamuuze kuti atate ake akubwera kudzadya. Unditenge ndiwe, koma uyendetse pang'onopang'ono. Ine m'bwato ndimachita chizungulire."