Mafunso anga m'kamwa mwa Esinati

"Chinthu chimene mtima wako ukuchifuna, usamatume mnzako kuti akakutengere." Mawu amenewa anandiuza ndi azakhali anga tikupuntha mpunga pabwalo, ine ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Ndinkayesa akunena za amuna, poti iwo mwamuna anawalanda ndi mnzawo amene ankamutuma kukapereka chakudya kudoko. Ndinaseka chamumtima. Chaka chisanathe ndinali nditatuma kale.

Kwathu ndi kwa Mwambo, kumene minda imathera n'kuyamba dambo lopita ku nyanja ya Chilwa. Chaka chimenecho, titakolola, kunabwera anthu a dzombe. Anali mzungu mmodzi amene sitinkamuona kawirikawiri, ndi womuthandiza, bambo Msiska, munthu wakumpoto. Ntchito yawo inali kuyenda m'dambo kufufuza kumene dzombe likuswana, lisanadzuke n'kukadya minda ya anthu. Bambo Msiska anakhoma tenti pansi pa mtengo wa mango wa atsibweni anga. Akabwerako kudambo masana, ankakhala pa mpando wopinda n'kumalonga dzombe m'mabotolo a mankhwala onunkha. Amayi ankati munthu ameneyu mutu wake sukuyenda bwino, ndiwo zonsezo osakazinga ngakhale limodzi.

Ana ena ankawathawa. Ine sindinawakhulupirire, n'chifukwa chake ndinkakhala pafupi kuti ndione chimene akubisa. Tsiku lina anandikodola, n'kundipatsa galasi lokulitsa zinthu kuti ndiyang'ane mwendo wa dzombe. Mwendo umene ndinkauthyola tsiku ndi tsiku osauona unali ndi minga yondandalika ngati ya mthethe. Ndinafunsa kuti mingayo ndi yachiyani. Anayankha, ndinafunsanso. Anandiuza kuti dzombe likakhala lokhalokha limakhala lamanyazi, koma likathinana ndi linzake limasintha mtundu ndi khalidwe lomwe. Ndinati ndiye chimodzimodzi anyamata akudoko. Anaseka mpaka chipewa chinagwa.

Kuyambira pamenepo masana onse anali anga. Tinkacheza za udzudzu, za chifukwa chimene madzi a Chilwa amakhalira amchere, za ndege. "Ntchito yathu si mabotolowa ayi," anatero tsiku lina. "Ntchito yathu ndi kufunsa. Ku Zomba kuli nyumba imene anthu amakhala tsiku lonse akufunsa ndi kuyang'ana, ndipo sindinamvepo kuti mkazi amaletsedwa." Anati akudziwana ndi asisitere ena a kumishoni amene amatenga atsikana kusukulu yogonera komweko, ndipo asanachoke adzalankhula ndi atsibweni za mtsikana mmodzi. Sanatchule dzina. Panalibe chifukwa, poti mtsikana amene ankakhala pamenepo ndinali ine.

Esinati ankabweranso, inde. Anali mng'ono wanga, mwana wa amayi aang'ono, wotsalira kwa ine chaka chimodzi. Iye ankadzera zitini zopanda kanthu. Nkhani ikatalika ankajambula phada pansi n'kumadumpha yekha.

Kenako inakwana nyengo ya chinamwali, ndipo anandilowetsa kusimba. Esinati anamusiya, ati akadali mwana, adikire chaka chamawa. Za kusimba sizilembedwa m'nyuzipepala. Chimene ndinganene n'chakuti ndinatuluka nditametedwa, nditavala nsalu yatsopano, ndi malamulo odzadza m'makutu. Namwali sakhala pansi ndi mwamuna wachilendo kumacheza. Akapatsidwa moni amagwada patali, maso pansi, yankho lalifupi. Tsiku loyamba mapazi ananditenga okha kulowera ku mango uja, amayi n'kundigwira pa mkono. "Wakula tsopano. Ukufuna anthu anene kuti anankungwi anataya nthawi?"

Bambo Msiska anandiona ndikudutsa ndi ndowa. "Mwatayika, mphunzitsi wanga. Mafunso atha?" Ndinagwada, ndinayang'ana dothi, ndinati, "Ndili bwino, kaya inu." Basi.

M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, wailesi yawo ya batire inanena kuti anthu a dziko lina aponya chitsulo kumwamba, ndipo chikuzungulira dziko osagwa. Mudzi wonse unatekeseka. Akuluakulu kudoko ankati ndi bodza la azungu, ena ankati mvula ithawa. Ine funso linandikola pakhosi ngati munga wa mlamba. Chitsulo chilibe mapiko, chilibe chingwe. Chikukanika bwanji kugwa?

Ndinamukokera Esinati kuseri kwa nkhokwe. "Pita ukafunse. Ukanene kuti ndakutuma ndine."

"Mundipatsa chiyani, achemwali?"

"Mkanda wofiira uja."

Ndinaika mtondo pafupi ndi mpanda pamene panali mpata, n'kumasinja ndikusuzumira. Mawu sindinkawamva. Ndinaona Esinati akulankhula, bambo Msiska n'kudzuka pa mpando. Ine ndi mafunso anga onse aja sanadzukepo. Anatola mwala n'kuponya pafupi, wina patali, wina patali kwambiri, dzanja likujambula uta m'mwamba. Esinati ankagwedeza mutu ngati akumva. Mpunga wa mumtondo tsiku limenelo unasanduka ufa.

Atabwera ndinamufunsa yankho. "Akuti chikugwa, koma sichifika."

"Sichifika bwanji?"

"Kaya. Akuti chikuthamanga."

"Unanena kuti ndakutuma ndine?"

"Sanafunse."

Pamenepo munthu wanzeru akanaleka. Koma njala ya yankho ndi yoipa. Ndinamutumanso: nanga chikadzatopa chidzagwera pa ndani? Nanga amene anachipanga anaphunzira kuti? Esinati ankapita ndi mafunso athunthu, n'kubwera ndi zigamba. Posakhalitsa anasiya kutola zitini. Ndinamuona atagwira galasi lija, atakhala pa muzu umene ndinkakhalapo ine, mkanda wanga uli m'khosi.

Mvula yoyamba itagwa, bambo Msiska anabwera kwa atsibweni. Ine ndi amene ndinawapititsira madzi akumwa, ndipo ndinali chigwadire pamene ankati, "Mwana uyu Esinati ali ndi mutu. Mafunso ake ngakhale bwana wanga wadabwa nawo."

"Nanga wamkuluyu?" anafunsa atsibweni.

"Poyamba ndinkayesa iyeyu. Koma zikuoneka kuti mtima wake wapita kwina."

Mawu anafika pa mano. Koma namwali salowerera nkhani ya akulu, ndipo amayi anali pakhomo akundiyang'ana. Ndinayang'ana Esinati kuti anene yekha. Iye ankakanda dothi ndi chala cha kuphazi.

Anapita kusukulu Januwale. Pambuyo pake anagwira ntchito m'nyumba ya kafukufuku, atavala chovala choyera, akuyang'ana matenda a mbewu pa makina. Ine ndinakwatiwa ndi msodzi, ndinayanika matemba mpaka msana unapindika. Titakalamba tonse, pamaliro ena, ndinamukumbutsa. Sanakane. Anati, "Achemwali, inu munkatuma, koma amene ankapita ndine. Ndipo kusukuluko mayeso simunandilembere." Chimene chimandiwawa n'chakuti sananame. Nsanje yanga ikanakhala yopepuka akanakhala mbuli, koma ntchitoyo anaidziwadi.

Tsopano ndimazindikira kuti funso silili ngati mbuzi, yoti ikasochera umakaloza kuti iyi ndi yanga. Mwini wake ndi amene walitulutsa pakamwa. Mdzukulu wanga wamkazi akandiuza kuti pali chimene sanamve kusukulu ndipo mnzake akamufunsira, ndimatenga ndodo, ndimamuperekeza, ndimaima pa windo mpaka nditamuona akutsegula pakamwa yekha. Aphunzitsi amati ndine wovuta. Anene.

Esinati anamwalira, ndipo yankho lathunthu la chitsulo chija anapita nalo, chifukwa kumufunsa iyeyo sindikanalola. Adzukulu amati zili m'foni, koma foni sindiiona nkhope kuti ndidziwe ngati ikunama. Choncho inu amene mukuwerenga, makamaka amene munaphunzira za kumwambazi, mukadzadutsa kwa Mwambo mudzapatuke mudzandione. Mudzaodire muli kumsewu, galu wanga sakonda alendo. Chakudya musabweretse, sindidya za m'manja mwa munthu amene sindikumudziwa. Mudzangokhala pa mkeka pamene ndingakuoneni bwino, ndipo kufunsako ndidzafunsa ndekha.