Munthu wa Kumchira

Achimwene anga atha moyo wawo wonse wa ntchito akupalasa njinga kumbuyo kwa anthu, ndipo ndikatero sindikuwanyoza, ndiyo ntchito imene anawalembera. Kumene timagwira ntchito timabwereketsa njinga kwa alendo ofuna kuyenda m'misewu yafumbi ndi timiyala ya m'mapiri a m'mbali mwa nyanja yamchere, kumene galimoto imadutsa mwa apo ndi apo. Gulu lililonse limakhala ndi wotsogolera, komanso munthu mmodzi kumbuyo kwenikweni woonetsetsa kuti palibe wotsala m'njira. Wakumbuyoyo ndi achimwene, n'chifukwa chake aliyense amawatchula kuti a Kumchira, ngakhale ana awo omwe. Ine ndimatsuka njingazo m'shedi zikabwerako, ndiye ndimawaona akamanyamuka m'mawa, ndimawaonanso akamalowa madzulo ali mbuu ngati munthu wochokera kuchigayo.

Ali mnyamata anali ndi liwiro, osati masewera. Atayamba ntchitoyi ankafuna kutsogolera, koma abwana anaona kuti amatha kumata chubu ndi kulumikiza tcheni choduka, choncho anawaika kumbuyo kumene mavuto onse amagwera. Anadandaula chaka choyamba, kenako anangosiya. Anzawo amene anayamba nawo anachoka kalekale, wina ali ndi sitolo yake, wina amayendetsa basi. Iwo anatsala pomwepo, kudya fumbi la anthu ena mpaka imvi zinamera pansi pa chipewa.

Ali ndi kachitidwe kawo kamene palibe anawaphunzitsa. Pagulu lililonse pamakhala mmodzi amene anadziyesa wamphamvu ali kunyumba, n'kudzazindikira pa chitunda choyamba kuti anadzinamiza. Munthu wotere amachita manyazi kuima, amakakamira mpaka kuona chizungulire. Achimwene samuuza kuti apume, chifukwa amati munthu wamkulu ukamuuza choncho ndiye amakakamira koposa. Amatsika iwowo pa njinga, kugwira pachifuwa, kupumira m'mwamba, n'kupempha mlendoyo kuti awadikireko pang'ono chifukwa akalamba. Mlendo amaima mokondwa, poganiza kuti akuchitira chifundo nkhalamba. Amamwa madzi onse awiri, kuyang'ana mabwato kumunsi, kenako amakankha njinga limodzi mpaka pamwamba. Madzulo mlendoyo amauza anzake kuti anachedwa chifukwa cha madala aja, achimwene n'kumangogwedeza mutu kuvomereza.

Ine zimenezi zinkandipsetsa mtima. Ndinkawafunsa kuti munthu amadzichotseranji ulemu dala, pofuna kusangalatsa anthu amene mawa sadzakumbukira ndi nkhope yake yomwe. Iwo ankangoseka, amvekere ulemu sukweza munthu phiri. M'shedi monse sewerolo linkadziwika. Otsogolera ankawayerekeza pa nthawi ya tiyi, kugwira pachifuwa ndi kutulutsa lilime, abwana omwe n'kumaseka mpaka misozi.

Chaka chino alamu anga, akazi awo, anandikokera pambali n'kundiuza kuti zinthu sizili bwino. M'mawa achimwene ankakhala m'mphepete mwa bedi nthawi yaitali, nsapato zili m'manja, asanapeze mphamvu zozivalira. Anapita kuchipatala mokakamizidwa, ndipo adokotala anati mtima wafooka, zokwera zitunda azisiye. Mapilitsi ankawabisa m'kachikwama ka pansi pa chishalo, pamodzi ndi zigamba zomatira chubu. Nditawafunsa anandiyang'ana ndi diso lija ankandiyang'ana nalo tili ana, n'kundiletsa kuuza abwana. Anati abwana akamva ntchito yatha, ndipo iwo sadziwa china chilichonse, nanga akakhale pakhonde kumawerenga nkhuku za aneba? Ndinawayankha kuti bola kuwerenga nkhuku kusiyana ndi kukakutolani m'ngalande. Sanandilankhule sabata yonse, koma nanenso sindinapite kwa abwana. Ndinkangoti dzuwa likapendeka maso ali pageti, ndipo ndinatopa nako kudikirako kuposa kutsuka njinga.

Loweruka lina lotentha gulu linatenga njira yaitali, imene imayambira padoko la asodzi n'kukwera mokhotakhota mpaka pa mlongoti wa mafoni pamwamba pa phiri. Pagululo panali bambo wina wogulitsa matailosi, amene anabweranso chaka chatha ali ndi mimba yaikulu, n'kukwera phiri lomwelo akukankha njinga limodzi ndi achimwene. Ulendo uno anabwera ataonda, ndi njinga yakeyake, ndipo m'mawa anauza aliyense m'shedi kuti wakhala akudzikonzekera chaka chonse. Wotsogolera, munthu wa pakamwa posatseka, anamuululira mocheza kuti chaka chatha madala sanatope, anangomupumitsa. Bamboyo anaseka, koma ndinaona kuti zamulowa.

Zimene zinachitika m'phirimo ndinazimva pambuyo pake, mbali ina kwa achimwene, mbali ina kwa bamboyo. Monga mwa nthawi zonse, awiriwa ndiwo anatsalira kumbuyo. Pakati pa chitunda, pamene msewu umakhala wa miyala yoterereka ndipo mphepo ya kunyanja sifikapo, achimwene anamva chifuwa chikuthina ndi dzanja lamanzere likuchita dzanzi. Anatsika pa njinga, anagwira pachifuwa, napempha bamboyo kuti awadikireko pang'ono.

"Ayi madala, chaka chatha munandipusitsa, ndamva zonse," anatero bamboyo akuseka. "Lero musandimvere chisoni, ndikwera ndekha. Tikumana pamwamba."

Anawasisita pamsana n'kupitirira. Sindinganene kuti anali woipa mtima, anali munthu wofuna kukwera phiri lake. Atafika pa mlongoti anzake anamuombera m'manja. Wotsogolera anafunsa za a Kumchira, bamboyo n'kuyankha kuti wawasiya akuchita sewero lawo lija. Onse anaseka, anajambulana zithunzi, n'kutsetsereka mbali inayo. Palibe anaganiza zobwerera, chifukwa woyang'ana otsala ndi achimwene, ndipo kumbuyo kwawo sikukhala munthu.

Njinga zinalowa m'shedi dzuwa likadatentha, ine n'kuyamba kuzitsuka. Mchere wa kuno umadya tcheni ukachedwa, ndiye ndinali wotanganidwa, koma maso anali pa mbedza imene achimwene amakolekapo njinga yawo. Ndinafunsa wotsogolera, anati akubwera, mwina tayala laphwa. Ndinaimba foni, koma mbali imeneyo ya phiri foni siigwira. Nditafunsanso kachiwiri, wotsogolerayo anagwira pachifuwa n'kutulutsa lilime kuti anzake aseke. Ndinaponya paipi pansi madzi akutuluka, ndipo mawu amene ndinamuuza sindingawalembe pano. Ndinakatenga dalaivala wa galimoto yonyamula katundu, amene anali atangoyamba kudya, n'kumuuza kuti chakudyacho adzachipeza.

Msewu umenewo pagalimoto ndi chilango. Tinagwedezeka mpaka mano kuwawa, fumbi likulowa pawindo, ine ndikusuzumira m'ngalande iliyonse. Tinawapeza atakhala pansi mumthunzi wa khoma la m'mbali mwa msewu, atatsamira dothi, chipewa chili pamaondo. Milomo inali itauma, nkhope itatuwa. Njinga anali ataigoneka bwinobwino kunja kwa msewu kuti isatchinge odutsa, ngakhale kuti chichokereni gululo sipanadutse munthu. Kachikwama ka pansi pa chishalo kanali kotsegula, mapilitsi ndi zigamba zili mbwee m'fumbi.

Ndinagwada pafupi nawo. Asanandipatse ndi moni womwe, anafunsa ngati bambo uja wafika pamwamba osatsika. Ndinati wafika, ndipo pano akumwa zoziziritsa kukhosi pamthunzi. Anati zakhala bwino, munthuyo analimbikira. Pamenepo ndinalephera kudzigwira. Ndinawakalipira pamaso pa dalaivala, ine mlongo wawo wamng'ono, ndinawauza kuti ndatopa, alamu atopa, ana awo atopa, ndipo ngati akufuna kufera m'phiri anene kuti tisamavutike ndi kudikira pageti. Ndinkalankhula ndikulira, zimene zinandikwiyitsa koposa. Iwo anangotambasula dzanja kuti tiwadzutse, ndipo anali opepuka kuposa mmene ndinkaganizira.

Tinawakhazika kutsogolo pakati pathu, njinga tinaimanga kumbuyo. Dalaivala anatsika phirilo pang'onopang'ono, akuzemba maenje. Achimwene ankangoyang'ana msewu umene akhala akuupalasa kuyambira ndili mtsikana. Aka kanali koyamba kuuona ali m'galimoto. Pa khona lina anauza dalaivala kuti asamale, pali mchenga, kenako anatseka maso mpaka tinafika pa tala. Ndinaganiza kuti agona, koma anandigwira pabondo.

"Chemwali."

"Ee, achimwene."

"Ukawauze ndiwe abwana kuti ndasiya. Ine ndikakayamba kunena kuti ndatopa, angoseka."

Ndinavomera, ndipo ndinauza dalaivala kuti akhotere njira yakuchipatala.