Tsiku Limene Anachisale Analawa Kachasu

Fungo la madeya owawasa likangondipeza, ngakhale ndili m'minibasi yopita ku Chileka, ndimakumbukira Anachisale, mayi amene nyumba yawo inkayang'anizana ndi yathu ku Lirangwe. Iwo mowa ankadana nawo koopsa. Anali mtsogoleri wa amayi kumpingo, ndipo Lachinayi lililonse ankasita bulauzi yawo yoyera ndi ayironi yamakala, akuimba nyimbo zodzudzula uchidakwa mokweza dala kuti amayi anga amve.

Wotcheza kachasu anali amayi anga, Anambewe. Bambo atamwalira, mgolo wakuda wotchezera ndi paipi yodutsa m'madzi ozizira ndi zimene zinkatidyetsa, utsi ukutiwawa m'maso, kachasu akudontha pang'onopang'ono m'botolo kuseri kwa khola la mbuzi.

"Anambewe, moto umenewu udzakutenthani!" ankakuwa Anachisale.

"Nanga ana angawa adye nyimbo zanuzo?" amayi ankayankha. Koma mchere ukatha ankapemphana ndithu.

Apolisi anatulukira Lachinayi lina masana, ine ndili ndi zaka khumi. Amayi anali atachenjezedwa kale kawiri, ndipo tonse tinkadziwa kuti kachitatu ndi ndende. Anali ndi khanda la miyezi iwiri kumsana, lotsokomola kuyambira chibadwire. Anangoima njo, chikuni chili m'manja.

"Mwini wake wa zimenezi ndani?" anafunsa wapolisi wamkulu.

"Ndine," anatero Anachisale, akudutsa pampanda atavala kale zoyera zawo za kumpingo. "Awa ndangowapempha kuti andisonkhezere moto."

Wapolisiyo anaseka. "Inu amayi, ndi yunifolomu yomwe? Chabwino. Wotcheza aliyense amalawa mutu. Talawani tione."

Mutu ndi kachasu woyamba kudontha, waukali woti ngakhale zidakwa zodziwika zimauopa. Anachisale, amene fungo lokha linkawachititsa nseru, anatenga kapu ndi kugugudiza. Misozi inayenderera mpaka pakolala, koma sanatsokomole. Anapukuta pakamwa nati, "Walero wafooka. Shuga anachepa."

Anakakhala kundende miyezi itatu. Atabwerako anapeza atadulidwa mumpingo. Anabweza bulauzi ija, nayamba kukhala pabenchi lakumbuyo, anzawo akuwatcha wachiphamaso. Zimenezo zinkawapweteka kuposa ndende, ndipo ndinawaonapo akulira akupalira chimanga.

Amayi anagubuduzira mgolo uja kudzala nayamba kugulitsa tomato ku Mdeka. Kangapo konse anafuna kukaulula kwa akuluampingo, koma Anachisale ankakaniza. "Mukaulula apolisi akutengani, ndiye kuti ine nsikidzi zija zinandilumira chabe. Yamwitsani mwana, Anambewe."

Anachisale anamwalira patapita zaka zisanu ndi chimodzi, asanabwezeredwe udindo wawo. Pamaliro, amayi anga anaimirira osapatsidwa mpata, nanena zonse. Kenako mayi wina wokalamba anavula duku lake loyera naliyala pabokosi, anzake onse namutsatira mmodzimmodzi.

Khanda lija lero ndi bambo wa ana atatu. Ine mwezi uliwonse ndimapita ndi anzanga kukaona amayi amene ali m'ndende, titanyamula sopo ndi zitenje. Anzangawo amakonda kufunsa kuti, "Munalakwa chiyani, mayi?" Ine funso limenelo limandikanika. Ndimangofunsa kuti kunyumba anasiya ndani.